Tsatirani chidebe cha usipa: momwe wolemba nkhani angaphunzirire za chuma ndi bizinesi

Chaka chilichonse kuno ku Salima kumabwera achinyamata ochokera ku MUBAS, ku MIJ ndi m'makoleji ena, kudzazolowera ntchito yofalitsa nkhani m'mawayilesi a m'madera, m'mabungwe ndi kukhonsolo. Ena mwa iwo amafikira pa desiki yanga. Chingerezi amachitha, kamera amaigwira bwino. Koma ndikawapatsa pepala la kopaletivi ya alimi a mpunga kuti alembepo nkhani ya mphindi ziwiri, ambiri amangokopera manambala momwe alili n'kuwakuta ndi mawu akuluakulu. Ndikafunsa kuti, "Ndiye alimiwa apindula kapena aluza?" m'chipinda mumangoti zii.

Sindiwaimba mlandu. Za chuma anaziphunzira pa bolodi, mizere iwiri yopingasana, mayeso n'kukhoza, nkhani n'kuthera pomwepo. Nanenso ndinazimvetsa mochedwa, nditapweteka kale anthu ndi pakamwa panga pa wayilesi. Tsono njira imene ndimawapatsa sabata yoyamba ndi iyi: sankhani katundu mmodzi, mumutsatire kuchokera kumene akutuluka mpaka kwa womudya, mukulemba kwacha iliyonse imene yasintha manja. Ine ndimasankha usipa, chifukwa azakhali anga amene anandilera ankachita geni ya usipa wa ku Senga Bay.

Yambirani padoko

Fikani dzuwa lisanatuluke, maboti a chilimira (ukonde wophera usipa) akukocheza. Musayambe ndi kutulutsa foni n'kumajambula. Pitani kaye kwa akuluakulu a komiti yapadoko, mupereke moni, munene kuti ndinu ndani ndipo mwadzatani. Mukatero imani pambali ndi kope lanu, mumvetsere kunenererana mitengo.

Ulendo umodzi sukwanira. Mupiteko katatu: tsiku la mdima, tsiku limene mwezi ukuwala usiku wonse, ndi tsiku la mwera. Usipa amaupha usiku ndi nyali. Kukakhala mdima umathamangira kuwalako ndipo maboti amabwera odzaza. Mwezi ukawala nyali imachepa mphamvu, nsomba zimachepanso. Mwera ukamawomba, makamaka cha m'ma June ndi July, asodzi ambiri salowa n'komwe m'madzi. Lembani mtengo wa chidebe masiku atatu onsewo. Mudzaona kuti tsiku limene zidebe zachuluka ogula ndi amene amalamula, ndipo tsiku limene zachepa amayi makumi awiri amaunjikana pa boti limodzi, mwini chilimira n'kumatchula mtengo ali chikhalire.

Mizere iwiri ya pa bolodi ija ndi imeneyi: kuchuluka kwa katundu, ndi kuchuluka kwa omufuna amene ali ndi ndalama m'manja. Mbali yachiwiriyi ophunzira amaiiwala. Nsomba zitha kuchuluka chimodzimodzi Lolemba ndi Lachisanu, koma mtengo n'kusiyana chifukwa Lachisanu kwafika opikula a ku Lilongwe ndi lole, kapena ndi kumapeto kwa mwezi anthu alandira. Nthawi ya dzinja kumachitikanso china: usipa wauwisi utha kugwa mtengo chifukwa kulibe dzuwa loumitsira, ndipo palibe akufuna kugula katundu woti akamuwolere pa thandala. Choncho mukamva kuti mtengo wakwera kapena watsika, musathamangire kulemba kuti mavenda akuba. Funsani mafunso awiri: n'chiyani chasintha kwa ogulitsa, nanga n'chiyani chasintha kwa ogula?

Mukapeza mpata, kachezeninso ndi asodzi a pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Senior Chief Makanjira. Kumeneko usodzi amautseka kuyambira December mpaka April, ndipo mwambowu wakhalapo kuyambira zaka za m'ma 1950. Miyezi imeneyo msodzi amataya ndalama imene akanapeza, n'cholinga choti nsomba ziswane. Mfundo yoyamba ya chuma chonse yagona pamenepo: zinthu n'zochepa, ndipo ukasankha ichi wasiya icho. Mtengo weniweni wa chimene wasankha ndi chimene wasiyacho. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Nkhani iliyonse ya chitukuko imene mudzalembe, kaya ndi ya msewu, kaya ndi ya munda wa nzimbe pamalo pamene anthu ankalimapo chimanga, muzifunsa kuti chasiyidwa n'chiyani ndipo wachisiya ndani.

Masamu a azakhali

Apa ndiye pofunika kukhazikika, chifukwa n'pamene ndinagwera ine.

Ndili wamng'ono pa ntchito, ndinapita kukacheza ndi gulu lina la amayi ogulitsa nsomba. Mlembi wawo anandiwerengera ndalama zonse zimene analandira pogulitsa miyezi itatu. Madzulo ake ndinalengeza kuti amayiwo apeza phindu la ndalama zimenezo. Patapita masiku awiri mayi wina wachikulire anafika pakhomo pa wayilesi, nandiitanitsa. Sanakalipe. Anangoti, "Mwanawe, ndalama wanena zija zili kuti? Bambo akunyumba akuti ndawabisira. Amene anatikongoza nawo abwera dzulo." Ndinali nditasokoneza ndalama zolowa ndi phindu, ndipo mawu amodzi amenewo analowetsa mkangano m'nyumba za anthu. Tinakonza pa wayilesi, koma amene anamva nkhani yoyamba si onse anamva yachiwiri.

Kuti zisakuchitikireni, khalani pansi ndi wochita geni mmodzi muwerengere limodzi ulendo wake wonse. Manambala ndikuika apawa ndi ongoyerekeza, inu mukaikemo enieni a tsikulo.

Tinene kuti mayi waoda zidebe 10 pa K15,000 chimodzi. Yapita K150,000. Nkhuni ndi mchere zofutsira, K8,000. Kubwereka thandala loyanikira, K5,000. Anyamata onyamula, K4,000. Galimoto yopita ku Lilongwe ndi kubwerako, iye ndi katundu wake, K20,000. Chiphaso cha msika ndi kachakudya, K3,000. Zonse pamodzi walowetsa K190,000. Umenewo ndiwo mpamba wa ulendowu, ndalama yoti izungulire n'kubwerera, osati yodya.

Kumsika wagulitsa usipa wonse n'kupeza K230,000. Imeneyi ndi ndalama yolowa. Phindu ndi chotsala mukachotsa zonse analowetsa: K40,000. Nambala yoyamba ndi yokoma kuitchula pa wayilesi, koma imene imagula ufa ndi yachiwiriyi.

Musaimire pomwepo. Ngati akugulitsa mulu pa K500, ndiye kuti wapanga miyulu 460. Miyulu 380 yoyambirira ikungobweza mpamba. Mulu wa nambala 381 ndiwo woyamba kukhala wake. Mukamvetsa zimenezi mudzamvetsanso chifukwa chimene azakhali anga ankakana kutsitsa mtengo m'mawa koma madzulo n'kumaika basera mosaumira: m'mawa anali asanabweze mpamba, madzulo anali akuthamangitsa katundu kuti asagone naye. Bizinesi iliyonse, ngakhale fakitale ya shuga ya ku Dwangwa, ili ndi malo ake pamene zolowa zimafanana ndi zotuluka. Pofunsa mafunso mwini bizinesi, funsani kuti ayenera kugulitsa zochuluka bwanji kuti angobweza zimene walowetsa. Amene akuidziwa bizinesi yake amayankha msanga.

Onaninso kuti zolipira zili mitundu iwiri. Zina zimakula katundu akamachuluka: zidebe zikachuluka, nkhuni ndi mchere zimachulukanso. Zina sizisuntha: mpando wa mayiyo m'minibasi ndi mtengo womwewo kaya watenga zidebe zisanu kaya khumi, chimodzimodzi lendi ya shopu kaya mwagulitsa kaya simunagulitse. N'chifukwa chake wa mpamba wochepa amavutika kuposa wa mpamba wambiri ngakhale akugulitsa pa mtengo umodzi. Zolipira zosasunthazo zimamudyera gawo lalikulu.

Za maperesenti samalani. K40,000 pa K190,000 imene analowetsa ndi pafupifupi 21 pa 100 iliyonse. K40,000 yomweyo pa K230,000 imene anagulitsa ndi pafupifupi 17 pa 100 iliyonse. Onse awiri ndi masamu oona, koma akuyankha mafunso osiyana. Wina akakuuzani kuti phindu lake ndi 20 peresenti, funsani kuti peresenti ya chiyani.

Tsono funso limene ambiri safunsa: mpambawo ndi wake? Ngati K100,000 anaitenga ku banki mkhonde pa chiwongoladzanja cha 20 pa 100 pamwezi, ndiye kuti K20,000 ya mwezi umenewo ili ndi eni ake kale. Akayenda ulendo umodzi wokha mwezi wonse, theka la phindu lapita. Akayenda maulendo anayi, ngongole yomweyo imapepuka. Wa katapila ndiye amadya zoposa apa. Polemba za ngongole, nenani nthawi zonse ngati chiwongoladzanjacho n'cha pamwezi kapena cha pachaka. Mabanki amatchula cha pachaka, magulu a m'midzi amatchula cha pamwezi, ndipo kuziika pamodzi osafotokoza n'kunamiza omvera. Pomaliza muwerengere masiku amene mayiyo wathera padoko, pamoto ndi pamsewu. Thukuta lakelo palibe anamulipira, lili m'kati mwa K40,000 yomweyo.

Pali chinanso chimene chimagwetsa mabizinesi ooneka ngati akuyenda bwino. Mayi uja atha kukhala kuti theka la usipa anapereka pa ngongole kwa ogulitsa anzake, adzalipira mwezi ukatha. M'kope phindu lilipo, koma m'chikwama mulibe yoti akaodere mawa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kampani kapena kopaletivi ikakuuzani kuti yapanga phindu koma ikulephera kulipira alimi, nthawi zambiri nkhani imakhala imeneyi, ndipo funso lanu likhale lakuti ndani ali nayo ngongole, ndipo adzabweza liti.

Mitengo ikamakwera

Mwezi uliwonse ofesi ya National Statistical Office ku Zomba imatulutsa nambala yosonyeza momwe mitengo ya zinthu yakwerera poyerekeza ndi mwezi womwewo chaka chatha. Amatenga mitengo ya zinthu zimene banja limagula, chakudya, nyumba, mayendedwe ndi zina, ndipo kuno kwathu chakudya, makamaka chimanga, n'chimene chimakoka kwambiri nambalayo.

Cholakwika chimene ndachimva kambirimbiri n'chakuti nambalayi ikatsika, wolemba amalengeza kuti mitengo yatsika. Ayi. Tiyerekeze kuti sopo anali K1,000. Chaka choyamba mitengo yakwera ndi 30 peresenti, sopo wafika K1,300. Chaka chachiwiri nambala yatsika kufika pa 20 peresenti, sopo wafika K1,560. Mtengo ukukwerabe, kungoti liwiro lachepa. Mukauza mayi wa pa Kamuzu Road kuti mitengo yatsika pamene iye wangochokera kugolosale, sadzakukhulupiriraninso pa nkhani ina iliyonse. Nenani kuti mitengo ikukwerabe koma osati mothamanga ngati chaka chatha.

Mumsika kukwera mitengo kumabisalanso. Mulu utha kukhala pa K500 miyezi isanu ndi umodzi, koma nsomba za pa muluwo zikuchepa. Ine ndimauza ophunzira kuti agule mulu, akhale pansi awerenge usipa umodzi umodzi, alembe. Mwezi wotsatira akagulenso kwa munthu yemweyo. Nkhani yochokera pa kuwerenga kotere anthu amaimva kuposa ya maperesenti, chifukwa ndi zimene akuziona m'mbale mwawo.

Izi zikukhudzanso malipiro. Bwana akalengeza kuti wakweza malipiro ndi 10 peresenti m'chaka chimene mitengo yakwera ndi 25 peresenti, wantchito walandira makwacha ambiri koma agula zochepa. Ngati ndinu wolemba wa kampaniyo, ntchito yanu ndi kulengeza zimene zachitika, koma musalembe kuti miyoyo ya antchito yatukuka.

Kwacha ndi dola

Wina adzafunsa kuti dola ikukhudzana bwanji ndi usipa wa m'nyanja yathu yomwe. Yang'anani botilo. Injini ya Yamaha ndi yochokera kunja, petulo ndi wochokera kunja, nyali ndi mabatire chimodzimodzi, ngakhale galimoto imene ikudutsa nawo msewu wa M14. Dziko lathu limagula kunja zambiri kuposa zimene limagulitsako, ndipo ndalama zakunja zambiri timazipeza ku fodya, kenako zinthu monga tiyi ndi shuga. Madola akachepa, chilichonse chodalira kunja chimadula, ndipo kudulako kumayenda mpaka kukafika pa mulu.

Mu May 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inalengeza za 44 peresenti. Ulendo wachiwiriwu dola imodzi inachoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Tengani foni muwerengere nokha. Dola inakwera mtengo ndi 44 pa 100, n'zoona. Koma K100,000 imene inkagula madola pafupifupi 85 inayamba kugula pafupifupi 59, kutanthauza kuti mphamvu yake yogulira dola inatsika ndi magawo atatu mwa magawo khumi. Manambala onsewa akunena chinthu chimodzi kuchokera mbali ziwiri. Pa wayilesi ine ndimakonda kunena za K100,000 ija, chifukwa msodzi amene akusunga ndalama yogulira injini amva nthawi yomweyo kuti zamukhudza motani.

Musaiwale kuti pa kusintha kulikonse pamakhala wolira ndi wopepukidwa. Wogula feteleza amalira. Wogulitsa katundu kunja amalandira makwacha ochulukirapo pa dola iliyonse, ngakhale naye zogula zake zadula. Nkhani yabwino imafunsa onse awiri.

Mpunga wa ku Lifuwu

Mukatha za usipa, yesani njira yomweyi pa mpunga, kaya wa ku Lifuwu kuno, kaya wa ku sikimu ya Bua ku Nkhotakota. Mabungwe amakonda mawu akuti kuwonjezera phindu pa zokolola: m'malo mogulitsa mpunga wosapuntha, alimi apunthe, asankhe, aike m'mapaketi. Ndi nzeru yabwino ndipo ndimaikhulupirira. Koma wolemba wosasamala amatenga mtengo wa kilo ya wosapuntha n'kuuyerekeza ndi wa kilo ya wopuntha, n'kulengeza kuti alimi apeza kawiri. Thumba la makilo 50 likalowa m'chigayo silituluka makilo 50. Mankhusu ndi deya zimachoka, ndipo mpunga wotsala umakhala makilo 30 kapena kupitirirapo pang'ono, wina mwa iwo wosweka. Chotsanipo ya chigayo, ya mapaketi ndi ya mayendedwe, ndiyeno muyerekeze.

Funsaninso chifukwa chimene mlimi amagulitsira nthawi yokolola pamene mtengo uli pansi, chonsecho akudziwa kuti pofika December udzakwera. Si umbuli. Sukulu fizi, ngongole ya feteleza ndi matenda sizidikira December. Ntchito yaikulu ya kopaletivi yoyenda bwino ndi kumupatsa mlimi mphamvu yodikira ndi yonenerera pamodzi ndi anzake. Mukapita kukalemba za kopaletivi, funsani kuti mamembala amalandira liti ndalama zawo, sikelo amaiona ndani, ndipo mabuku a ndalama amawerengedwa pamaso pa onse kangati pachaka.

Pofika polemba

Mukakhala ndi manambala m'manja, musawathire onse m'nkhani. Pa wayilesi khutu limasunga nambala imodzi kapena ziwiri, basi. Sankhani imene ikuyankha funso la womvera, muizungulize kuti imveke, ndipo muiike pafupi ndi chinthu chimene akuchidziwa: matumba angati a chimanga, maulendo angati a ku Lilongwe. Nambala iliyonse inene kumene yachokera ndi nthawi yake. Miliyoni ndi biliyoni muziziwerenga kawiri musanalowe mu situdiyo. Ziro atatu amenewo asokonezapo anthu odziwa ntchito.

Pa nkhani za boma, kumbukirani kuti chaka cha ndalama tsopano chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March; kale chinkayamba mu July. Ndalama imene yatchulidwa mu bajeti ndi lonjezo. Imene Treasury, nthambi yosunga ndalama za boma, yatumiza ndi ina, imene yagwira ntchito ndi inanso. Mukamva kuti msika kapena mlatho waupatsa ndalama zakuti, funsani kuti mwa zitatuzi akunena iti. Za misonkho funsani a MRA, za mitengo ya mafuta a MERA, ndipo musadalire nambala ya chaka chatha chifukwa zimenezi zimasintha.

Mawu a Chingerezi musawaope, koma musabisalemo. Ngati simungathe kufotokozera agogo anu tanthauzo la liwu m'ziganizo ziwiri, ndiye kuti simunalimvetse, bwererani kwa amene anakuuzani mukafunsenso. Akatswiri ambiri amasangalala kufunsidwa kachiwiri kusiyana ndi kumva mawu awo atapotozedwa madzulo. Ndipo ena a inu simudzakhala atolankhani, mudzalembedwa ntchito yolankhulira kampani kapena bungwe. Kumeneko mudzauzidwa kuti nkhani ikome. Ikometseni ndi chilankhulo, koma zolowa muzitchule zolowa, ngongole muitchule ngongole, osati thandizo.

Chomaliza chimene ndimachita ndisanaulutse nkhani ya ndalama za munthu wamba ndi kumuwerengera mwini wake, pafoni kapena pamaso, n'kumufunsa ngati ali womasuka kuti nambalayo imveke kumudzi kwawo. Ena amavomera, ena amati nditchule za gulu lonse osati za iwo okha, ndipo ndimatero.

Loweruka likubwerali tengani kope latsopano. Tsamba loyamba mulembe tsiku, momwe mwezi unalili usiku, ngati kunali mphepo, ndi mtengo wa chidebe pa maboti atatu osiyana. Mupeze mayi mmodzi wovomera kuti mumuperekeze mpaka kumsika, ndipo ya galimoto yanu mudzilipirire nokha, isalowe m'masamu ake.